Kukapa Madzi pa Chilwa: Mbiri ya Bwato, Boti ndi Pampu

Ku Naisi kulibe doko. Derali latsamira phiri la Zomba, m'dziko la Mfumu Yaikulu Malemia, ndipo munthu amachita kukwera chitunda kunja kutayera bwino kuti aone nyanja ya Chilwa ikunyezimira kum'mawa ngati lata latsopano. Koma nyanjayo imafika pakhomo pafupifupi tsiku lililonse. Imabwera pa njinga, m'dengu la matemba ouma kapena la milamba yowamba yopindidwa ngati nkhata, ndipo pofika madzulo imakhala ili m'mbale pambali pa nsima. Kumtunda nako kumabweza mangawa. Mvula yogwa pa phiri imatsetsereka ndi mtsinje wa Naisi, wa Domasi ndi ina ing'onoing'ono mpaka kukathira m'chigwa momwe muli nyanjayo. Bwato likayandama pa doko la Kachulu kapena la Mchenga, ena mwa madzi olinyamulawo anadutsa kuseri kwa madimba a kuno.

Pa msewu wa tala wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, masiku a tchuthi pamadutsa boti la mtundu wina. Limakhala loyera mbee, litakhala pa ngolo ya matayala awiri, galimoto ikulikoka kulowera ku Mangochi. Ana amaliloza, akuluakulu amangolitsata ndi maso. Ena mwa maboti otere amakhala ndi kapampu kotsukira, kamene kamakoka madzi a m'nyanja n'kuwapopera m'boti momwemo kudzera pa paipi, kuti magazi a nsomba, mamba ndi matope zichoke zisanaumirire.

Kwa mmisiri wodziwa, kuika pampu imeneyi ndi ntchito ya tsiku limodzi. Amaboola thupi la boti kunsi kwa pamene madzi amalekeza, n'kumangapo chitsulo chokhala ndi chotsekera, kuti paipi ikadzang'ambika boti lisamire. Pakati pa bowolo ndi pampu amaikapo kasefa kogwira zinyalala. Pampuyo amaimangirira pamalo ouma, pamwamba pa madzi amene amadikha pansi pa boti, itakhala pa timiyendo ta labala tochepetsa phokoso. Moto imatenga ku batire ya mavoti 12, ndipo fyuzi amaiika pafupi ndi batireyo. M'kati mwake muli swichi yomva mphamvu ya madzi: munthu akafinya kampopi ka kumapeto kwa paipi, pampu imayamba yokha, akasiya, imazima. Zambiri zimatulutsa malita a pakati pa 10 ndi 20 pa mphindi imodzi. Boti lotere limakhalanso ndi pampu yachiwiri yochita zosemphana ndi inzakeyo, yotulutsa madzi olowa m'kati.

Pa Chilwa ntchito ziwiri zonsezi zili m'manja mwa chida chimodzi: chigubu cha malita asanu cha mafuta ophikira, chodulidwa mopendeketsa, chogwirira chake n'kusiyidwa. Mlovi, wantchito wa m'bwato, amakapira chomwecho madzi olowa, amatungiranso chomwecho madzi okhuthulira pansi pa bwato pochotsa mamba ndi zoterera za mlamba. Nyanjayi yaona injini, maukonde a nayiloni ndi mafoni a m'manja, koma chigubu sichinachoke pampando. Wina anganene kuti ndi umphawi basi. Umphawi ulipodi, koma nyanjayo nayo ili ndi khalidwe lake, ndipo kwa zaka zoposa 150 yakhala ikudzisankhira zida zoti zikhale ndi zoti zibwerere kwawo.

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi, koma ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, komanso Mnembo wochokera ku Mozambique. Wotenga madziwo ndi dzuwa ndi mphepo basi, n'chifukwa chake ali ndi kamchere. Kumpoto kuli mtandadza wa mchenga woilekanitsa ndi nyanja ya Chiuta, umene njanji ya ku Nayuchi inatsata mu 1970. Malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu, ndiye mphepo ikangowomba imavundula thope la pansi, madzi n'kuoneka ngati tiyi wothira mkaka. M'mphepete mwazungulira dambo lalikulu la njedza, lokhala ndi tinjira topapatiza timene asodzi amadula ndi zikwanje. M'tinjira timeneti nkhafi imachepa mphamvu. Munthu amaimirira kumbuyo kwa bwato n'kumalikankha ndi nsungwi yaitali. Kasefa ka pampu yotsukira kataviikidwa m'madzi otere, kakhoza kutsekeka munthu asanamalize kutsuka dengu limodzi.

Mmodzi mwa azungu oyamba kulemba za nyanjayi anafikako wapansi, boti lake atalisiya kutali, ndipo botilo linali kale pa nkhondo ndi madzi. Pa 18 Epulo 1859 David Livingstone ndi John Kirk anaima m'mphepete mwa nyanja imene iwo analemba kuti Shirwa, atayenda kuchokera ku mtsinje wa Shire. Kumeneko anasiya sitima yawo yaing'ono yoyendera nkhuni, Ma Robert, imene inatenga dzina lomwe Amakololo ankaitanira mkazi wa Livingstone. Thupi la sitimayo linali la chitsulo chopyapyala cha mtundu watsopano, ndipo madzi a Zambezi ndi Shire anachidya msanga. Panabooka timabowo tosawerengeka, moti anthu a m'sitimamo ankakhalira kupopa madzi ndi kumata zigamba. Mu Disembala 1860 Ma Robert inatsakamira pa mchenga mu Zambezi n'kumira. Pa nthawi yonseyi mabwato osema a Amang'anja ankangodutsa pambali pake, aliyense ndi chokapira chake.

Ngolo yokokera boti kunalibe, koma ntchito yake inalipo, ndipo inkagwa pa mapewa a anthu. Mu 1861 Livingstone analemba ganyu anthu a m'midzi kuti anyamule boti la nkhafi zinayi kulambalala mathithi a Shire mpaka kukaliponya kumtunda. Mu 1875 sitima ya Ilala inamasulidwa zidutswazidutswa, anthu mazanamazana n'kusenza zitsulozo pamutu kukwera nazo mapiri a m'mbali mwa mathithiwo, ndipo pa 12 Okutobala chaka chomwecho inalowa mu nyanja ya Malawi. Pa Chilwa sipanafike sitima zotere. Nyanja yosaya, yopanda njira yotulukira kwina, sinakope amalonda a sitima, ndipo inatsalira eni ake ndi mabwato awo.

Bwato linkayambira m'nkhalango. Mmisiri ankafuna mtengo waukulu, wowongoka ndi wosafumbwa msanga, monga mbawa, mlombwa kapena chonya wa m'mbali mwa mitsinje. Akaugwetsa ankausemera pomwepo, poyamba ndi nkhwangwa, kenaka ndi nsompho, akugogoda m'mbali kuti amve ndi khutu ngati thupi latsala lochindikala mofanana. Ntchitoyi inkadya masabata. Ikatha pankabwera tsiku lokoka: mwini bwato ankafulula mowa, amuna a m'mudzi n'kumanga zingwe za luzi, kuyala mitengo yozungulira pansi, n'kumalikhwekhwereza akuimba mpaka kumadzi. Nkhalango za m'munsi mwa mapiri a Zomba, Malosa ndi Chikala zinali pafupi ndi chigwachi, ndipo mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mitsinje yake ndi imene inkayamba kuonedwa ndi diso la wosema.

Bwato losema bwino lilibe msoko, choncho likakhala latsopano silidontha. Madzi amalowera pamwamba: mafunde akamenya, ukonde wonyowa ukakwezedwa, kapena mvula ikagwa. Likayamba kukalamba limang'aluka, ndipo mwini wake amatseka mng'alu ndi nsanza, kumata phula, nthawi zina n'kukhomerapo kachidutswa ka lata. Chokapira chinkakhala chikho kapena kamtengo kogoba. Zitini za palafini ndi za mafuta zitafika ndi masitolo, zinalanda malo a chikho, ndipo pulasitiki itabwera inalanda malo a chitini, chifukwa sichita dzimbiri, sicheka phazi, ndipo ikagwera m'madzi imayandama.

Msika wa nsomba za ku Chilwa unakula pamodzi ndi tauni ya Zomba. Mu 1884 mishoni ya Church of Scotland inatsegula siteshoni ku Domasi, kwa Malemia, pansi pa Alexander Hetherwick, ndipo kuyambira mu 1891 Zomba inakhala likulu la boma la atsamunda. Kunadza asilikali, akalaliki ndi antchito a m'nyumba za azungu, onse ofuna ndiwo. Kummwera, minda ya tiyi ndi fodya ya ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu inkafuna nsomba zouma zodyetsa antchito. Zaka zomwezo Alomwe ambiri ankawoloka kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo ena anakhazikika m'chigwa cha Chilwa pakati pa Anyanja ndi Ayao n'kulowa usodzi. Nsomba zinkayenda pamutu, kenaka pa njinga, kenaka pa malole.

Zida nazo zinkasintha. Maukonde akale ankalukidwa ndi ulusi wa zomera, monga bwazi, ndipo ankaola msanga akapanda kuyanikidwa. Kenaka asodzi anatulukira nzeru yosolola ulusi m'matayala akutha a galimoto. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kunabwera nayiloni, yopepuka ndi yosaola, ndipo fakitale ya maukonde ku Blantyre inachititsa kuti izipezeka m'masitolo. Ukonde utalimba unatalikanso. Khoka lalikulu la matemba linafuna anthu ambiri olikoka, ndi chombo chotakata choti linyamulidwemo. Bwato la mtengo umodzi linayamba kuchepa, pomwe mitengo ikuluikulu yosemera nayo inali kutha.

Apa ndi pamene panalowera boti la matabwa. Dipatimenti ya za Usodzi inalilimbikitsa, ndipo ku Mpwepwe, m'boma la Mangochi, kunakhala malo okhomera maboti ndi sukulu ya za usodzi. Luso litafalikira, akalipentala a m'madoko anayamba kukhoma okha. Matabwa abwino koposa anali a mkungudza wa ku Mulanje, umene suola m'madzi ndipo chiswe chimauthawa. Utasowa ndi kukwera mtengo, anthu anatembenukira ku paini ndi bulugama. Boti la pa Chilwa amalikhoma lophwatalala pansi kuti lisakhudze thope. Limanyamula khoka, alovi ndi madengu, ndipo likakhala la ulendo limanyamula anthu, njinga, matumba a mpunga ndi mbuzi pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi.

Koma thabwa lililonse likakumana ndi linzake pamakhala msoko, ndipo msoko uliwonse ndi khomo la madzi. Mmisiri amakhomerera chingwe cha thonje kapena nsanza m'misoko n'kumata phula lotentha, matabwa akanyowa amatupa n'kufinyana, komabe palibe boti la matabwa losadontha. Kukapa kunasanduka udindo wokhala ndi mwini wake. Pa gulu la alovi, ntchitoyi kawirikawiri imagwera wamng'ono kapena wobwera kumene. Amakhala chogwada pakati pa boti, pamene madzi amasonkhana, ndipo m'mawa ndiye amayamba kufika padoko kudzachotsa madzi ogona usiku. Asodzi ambiri amene lero ali ndi makoka awoawo anayambira pa chigubu. Boti likafika kumtunda n'kutsitsa nsomba, yemweyo amatunga madzi, kukhuthula, kukwecha ndi tsache la njedza kapena chisaka chakutha, n'kukapanso. Boti losatsukidwa limanunkha, limaitana ntchentche, ndipo nsomba za mawa zimayamba kuwonongeka zisanafike pa thandala loyanikira.

Injini zomangirira kumbuyo zinafika, koma sizinafale pa Chilwa ngati pa nyanja ya Malawi. Injini yotere imadziziziritsa ndi madzi a m'nyanja omwewo, amene kapampu ka labala ka m'kati mwake kamakoka. M'madzi a thope kalabalako kamadyeka msanga, ndipo zomera za m'madzi zimakulunga chopalasira chake. Eni maboti onyamula anthu amapirira nazo chifukwa ulendo umabweza ndalama. Msodzi wa miono ndi mbedza m'tinjira ta m'njedza alibe nayo ntchito.

Chachikulu n'chakuti nyanjayi imachoka. Inaphwa kwambiri cha m'ma 1914 ndi 1915, inachepanso kangapo m'zaka zotsatira, ndipo mu 1968 inauma mpaka anthu ankayenda wapansi kupita ku Chisi. Nsomba zinafa miyandamiyanda madzi atachuluka mchere. Mabwato anatsala ali gone pa thope long'ambika. Losema linkang'aluka ndi dzuwa. La matabwa linkafota, misoko n'kuyasama moti munthu ankatha kuona kuwala kudutsa. Amene anali ndi nzeru anakwirira mabwato awo m'thope lonyowa kapena kuwafunditsa udzu. Amene anali atakongola ndalama zogulira zida anatsala ndi ngongole yopanda nsomba.

Chilalachi chinapeza akatswiri a Yunivesite ya Malawi ali pa ntchito. Kafukufuku wa nyanjayi, wotsogozedwa ndi Margaret Kalk, anayamba mu 1966 n'kutha zaka khumi, choncho anaona Chilwa ikuuma ndiponso ikudzuka, ndipo zimene anapeza zinatuluka m'buku mu 1979. Anatsimikiza zimene asodzi akale ankadziwa: mbewu ya nsomba simathera m'nyanja. Matemba, milamba ndi makumba zimathawira m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjamo, n'kudikira mvula. Maiwe a mtsinje wa Domasi ndi ena mwa malo amenewo. Ku Domasi komweko kunali kale maiwe a boma oyeserera ulimi wa nsomba, okumbidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo a za usodzi anaswetsamo makumba a ku Chilwa n'kukawabwezera m'nyanja madzi atabwerera. Paja madzi saiwala khwawa: pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Chilwa inali itadzazanso, ndipo pa zaka zabwino inkapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi. Malo a ku Domasi aja ndi amene lero ali National Aquaculture Centre.

Mu 1995 nyanja inaumanso. Ulendo uno mafumu ndi a Dipatimenti ya za Usodzi anagwirizana zoteteza maiwe a m'mitsinje, n'kuletsa kuthira katupe, mankhwala a zomera amene amapha nsomba zonse za padziwe, zazikulu ndi ana omwe. M'midzi ya m'mbali mwa mitsinje munakhazikitsidwa makomiti olondera, ndipo madzi atabwerera makomiti a m'madoko anapitiriza ntchitoyo. Lamulo la za usodzi la mu 1997 linapatsa anthu a m'midzi gawo pa kasamalidwe ka nsomba, ndipo cha nthawi yomweyo Chilwa inalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, malo oyamba m'Malawi kulowa m'kaundulayo. Kunabweranso nyengo yotseka makoka miyezi ya mvula, kuyambira Disembala, kuti nsomba ziswane.

Chaka cha 1995 chinaonetsanso ngolo ya boti ya Chimalawi. Eni makoka amene anali ndi kangachepe sanadikire mvula. Anachita hayala malole, kukweza maboti chagada kapena chafufumimba pamwamba pa maukonde, kumanga ndi zingwe, n'kusamukira ku Chiuta, ku Malombe kapena ku nyanja ya Malawi. Ena mwa malolewo anadutsa pa msewu womwewo wa Zomba ndi Liwonde, kudzera pa Songani ndi Domasi. Boti la pa Chilwa liyenera kukhala lotheka kukwezedwa pa lole ndi amuna khumi, kusiyidwa padzuwa chaka chathunthu, kapena kukonzedwa ndi hamala, misomali ndi chitini cha phula. Batire, mawaya ndi bowo la dala pansi pa thupi sizigwirizana ndi moyo wotere. Msodzi amene wakhala zaka akutseka mabowo sangamvetse munthu womuuza kuti aboole lina.

Si kuti anthu a m'chigwachi amaopa pampu. Pamtunda anailandira ndi manja awiri. Sikimu ya mpunga ya Domasi, yotsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan, imayendetsa madzi a mtsinje m'ngalande popanda injini, koma m'madimba a kumtunda pampu ndiyo inasintha zinthu. Pampu yoponda ndi mapazi, imene inayambira ku Bangladesh, inafala kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo cha m'ma 2005 boma linapatsa phungu aliyense mapampu 400 oti agawe m'dera lake. Pambuyo pake kunabwera tiinjini ta petulo, ndipo tsopano mapampu a sola. Mlimi wa tomato ku Naisi amadziwa kusintha labala wa pampu, kumanga paipi yong'ambika ndi lamba wa chubu, ndi kuchotsa mchenga m'kasefa. Amapirira zonsezi chifukwa pampu imamupatsa zokolola za chilimwe zimene ndowa singathe. M'boti masamu ake ndi ena: chimene pampu ingachite, mnyamata ndi chigubu amachita kale, mosafuna mafuta.

Pali chinthu china chimene pampu yotsukira singakonze, ngakhale itakhala yodula chotani. Imatsuka ndi madzi amene boti layandamapo, ndipo pa Chilwa madziwo ndiwo mwini nkhani. M'kati mwa dambo asodzi amamanga zimbowela, tinyumba toyandama pa njedza zopindidwa ndi kusanjikizidwa, momwe amakhala masabata kapena miyezi osaponda mtunda. Amaphika momwemo, amawamba nsomba momwemo. Madzi akumwa, osamba ndi otsukira nsomba amatunga pambali pa chimbowela, ndipo chimbudzi ndi nyanja yomweyo. Kolera, amene anafika m'Malawi mu 1973, wakhala akubwerera ku Chilwa kawirikawiri, n'kumatuluka ndi asodzi kupita m'midzi ya Zomba, Machinga ndi Phalombe.

Mliri wina utabuka kumapeto kwa 2015, Unduna wa za Umoyo pamodzi ndi Médecins Sans Frontières ndi mabungwe ena unapereka katemera wakumwa m'madoko, pa zilumba ndi m'zimbowela kumayambiriro kwa 2016. Katemerayu munthu ankayenera kumwa kawiri, motalikitsa masabata awiri, ndipo kupeza msodzi yemweyo kachiwiri m'kati mwa njedza ndi ntchito yosatheka. Choncho asodzi a m'zimbowela anamwa koyamba pamaso pa azaumoyo, n'kupatsidwa kabotolo kachiwiri kuti akamwe okha tsiku likakwana. Njirayi inali yachilendo pa nthawiyo, ndipo akatswiri a m'maiko ena anaitsata ndi chidwi. Mu Malichi 2022 mliri waukulu koposa m'mbiri ya dziko lino unayambira m'boma la Machinga, ndipo unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi monse.

Ukhondo wa nsomba unapita patsogolo kumtunda, osati pamadzi. Kuyambira mu 2010 pulogalamu yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kuthana ndi kusintha kwa nyengo, yoyendetsedwa ndi LEAD ya ku Chancellor College, WorldFish ndi bungwe la kafukufuku wa nkhalango la FRIM ndi thandizo la dziko la Norway, inamanga nyumba za pulasitiki zoumitsira nsomba ndi dzuwa m'madoko monga Kachulu. Magulu a amayi anaphunzira kutsuka matemba ndi madzi abwino, kuwayanika pa mathandala otetezeka ku fumbi ndi ntchentche, ndi kuwaika m'mapaketi. Matemba otere sakhala ndi mchenga wolumitsa mano, ndipo amagulidwa mokwererapo. Pampu imene inathandiza pamenepa ndi ya pa mjigo.

Mu 2012 nyanja inachepa kwambiri, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inauma. Ku Kachulu maboti anandandalika pa thope, kutali ndi madzi, ndipo opita ku Chisi ankadutsa m'kangalande kopapatiza, amuna akukankha bwato thope lili m'maondo. Mvula yamphamvu ya mu Malichi 2019, ya nyengo imene inabala namondwe Idai, inabweza madzi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anathira ochuluka zedi, nyanja n'kukwera mpaka kumiza minda ndi nyumba za m'mphepete. M'zaka zisanu zokha doko lomwelo linaona boti likusowa poyandama, kenaka likuyandama pamene panali bwalo la nyumba.

Madzi akabwerera, padoko pamayamba kumveka mahamala. Maboti amene anakhala padzuwa amatembenuzidwa, thabwa lowola limazulidwa, phula limabwata m'chitini pa mafuwa atatu, ndipo akamaliza amalikankhira m'madzi osaya n'kulisiya limwe kwa masiku angapo kuti matabwa atupe. Tsiku loyamba limadzaza pafupifupi theka. Mnyamata amalowamo, kabudula atapinda, n'kuyamba kukapa. Zigubu zopanda kanthu zimagulitsidwa m'misika ya kumtunda monga wa Songani, mafuta ake atathera m'mapoto a zitumbuwa ndi mandasi, ndipo wanjinga amene anakwera m'mawa ndi dengu la matemba amatsika masana atamangirira zitatu kapena zinayi pa kaliyala, zikugundana mbwee mu msewu wafumbi wolowera kunyanja.